Miyala itatu yofiira ya kumunda kwa amalume

Mwezi wa Okutobala chaka chatha amalume anga, amene ali ndi munda kufupi ndi Chongwe, anafika kunyumba kwanga ku Chilenje atanyamula kathumba ka ufa komangidwa ndi luzi. Atakhala pansi ndi kumwa madzi, anamasula kathumbako natulutsa miyala itatu yofiira modera, yokhala ndi timabowo ngati zisa za chiswe, ndipo uliwonse unali wolemera kuposa mmene unkaonekera. Anati, "Mphwanga, iwe ndiye umadziwa miyala. Anyamata amene akukumba chitsime apeza izi, ndipo piki ikumathetheka moto akamenya. Kodi pamunda pathu pali mgodi wa chitsulo?" Ndagwira ntchito yotola masampulo a miyala ndi dothi kwa zaka zambiri, choncho mwalawo ndinauzindikira msanga kuti ndi lubwe, umene akatswiri amautcha laterite, ndipo ndinawauza kuti chitsulo chilimo ndithu. Koma ndinawauzanso kuti miyala itatu yotoledwa ndi munthu amene waikonda singayankhe funso lawo, chifukwa tisanafunse kuchuluka kwa chitsulo tiyenera kudziwa kumene chitsulocho chinachokera ndi mmene chinafikira pamenepo.

Malo amene anandiphunzitsa kufunsa funso limeneli ali kutali ndi kuno, kugombe la kumpoto kwa chilumba cha Ireland, m'chigawo cha Antrim, komwe ndinapitako kamodzi pa maphunziro a masabata ochepa. Ife a dziko lopanda nyanja yamchere timayenera kukumba dzenje kapena kuboola pansi ndi makina kuti tione zimene nthaka yabisa, koma kumeneko mafunde a nyanja ya Atlantic anagwira kale ntchito imeneyo. Anadula mtunda monga mmene mpeni umadulira chikondamoyo, kotero kuti munthu ataima m'mphepete mwa madzi amaona matanthwe akuda osanjikizana, lina pamwamba pa linzake, kuchokera pamene pakumenya mafunde mpaka pamene pamera udzu.

Mwala wakudawo ndi basalt. Umapangika pamene chiphalaphala chotentha madigiri pakati pa 1,100 ndi 1,200 chatuluka pansi pa dziko n'kuzizirira pamtunda. Zaka pafupifupi 60 miliyoni zapitazo, pamene Greenland ankapatukana ndi Ulaya ndipo nyanja inkatseguka pakati pawo, chiphalaphala chotere chinatuluka m'ming'alu ya nthaka ya Antrim kambirimbiri, chikumayenderera ngati phala lamadzimadzi ndi kudzaza zigwa. Kusefukira kulikonse kunasiya thanthwe lakelake, ndipo munthu akaphunzira zizindikiro zake amatha kuwerenga kuti apa patha limodzi, apa payamba lina. Pansi pa thanthwe lililonse pamakhala kachigawo kopyapyala kamene kanazizira mwadzidzidzi pokhudzana ndi nthaka yozizira. Pakati ndi polimba kwambiri popeza panazizira pang'onopang'ono. Pamwamba pamakhala timabowo tambirimbiri tosiyidwa ndi mpweya umene unkathawa, monga mmene phala limachitira likamabwata, ndipo pambuyo pake madzi oyenda m'mwalamo anadzaza timabowoto ndi timiyala toyera ta zeolite ndi calcite. Kumene chiphalaphala cha mtundu umenewu chagwera m'madzi akuya, chimaundana m'mibulu yonga mitsamiro yokhala ndi khungu longa galasi, ndipo chimenechi ndi chizindikiro chodalirika chakuti pamalopo panali madzi.

Chimene alendo ambiri amapitira kumeneko ndi nsanamira za Giant's Causeway, zomwe zilipo pafupifupi 40,000, zambiri za mbali zisanu ndi imodzi, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 1986. Aliyense amene anaonapo matope a padambo akung'ambika m'chilimwe akudziwa kale chiyambi cha nkhaniyi: chinthu chikamauma kapena kuzizira chimanyala, ndipo chikanyala chimang'ambika. Pamalo amenewa chiphalaphala chinadzaza chigwa n'kukhala ngati dziwe lakuya, choncho chinazizira modekha ndipo ming'alu inatsika mowongoka. Kale akatswiri ankakangana ngati basalt inapangika m'madzi kapena ndi moto, ndipo Nicolas Desmarest wa ku France, atayerekeza zithunzi za nsanamirazi zojambulidwa ndi Susanna Drury ndi miyala ya kwawo ku Auvergne, ananena kuti ndi zochokera ku chiphalaphala.

Koma ine maso anga anakodwa ndi china. Pakati pa matanthwe akudawo pali mzere wofiira ngati katondo wa kwathu ku Katete, woyenda chopingasa m'phompho monse, ndipo njira ya oyenda pansi imadutsa pambali pake penipeni moti munthu amaukhudza ndi dzanja. Nditaufikisa pafupi ndinazindikira kuti ndi dothi lakale, lopangidwa ndi mvula ndi kutentha, lomwe linakwiriridwa ndi chiphalaphala chatsopano. Kuphulika kunaima kwa zaka masauzande ambirimbiri, ndipo nthawi imeneyo dera limenelo linali lofunda ndi lamvula yambiri. Madzi a mvula olowa m'ming'alu ya basalt anayamba kusungunula zimene zimasungunuka msanga, monga calcium, magnesium ndi sodium, kenako ndi gawo lalikulu la silica, chinthu chimene chimapanga mchenga, n'kupita nazo kumitsinje. Zotsala zinali zokanika kusungunuka: chitsulo, aluminiyamu ndi titanium. Basalt yosawola imakhala ndi chitsulo chochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, ndipo palibe amene angaikumbe chifukwa cha chitsulo. Mvula siwonjezera chitsulo m'mwalamo ayi, imangochotsa zinazo, monga mayi wopeta amachotsera mankhusu kuti m'lichero mutsale chimanga chokha.

Kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mzere wofiirawo uli ndi dongosolo lake. Pansi pali basalt yakuda yolimba. Pamwamba pake pali mibulu ya mwala womwewo yomwe ikusendeka makoko ngati anyezi, chifukwa kuwola kumayambira m'ming'alu n'kumalowa m'kati. Kenako pali dongo lofiirira lamathothomathotho limene likadali ndi maonekedwe a mwala koma limaphwanyika ndi chala, ndipo pamwamba penipeni pali kachigawo kopyapyala, nthawi zambiri kosakwana mita imodzi, ka timibulu tolimba tonga nzama. M'kachigawo komaliza kameneka ndi mmene chitsulo chinaunjikana kwambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1860 anthu anakumba kachigawo kameneka m'zigwa za Antrim monga Glenravel, anamanga njanji zing'onozing'ono m'zaka za m'ma 1870 zotengera mwalawo kudoko, ndipo unkatumizidwa kukasungunulidwa ku Britain. M'madera ena a mzere womwewo munachuluka aluminiyamu m'malo mwa chitsulo, ndipo bauxite yake, mwala umene amachotsamo aluminiyamu, inakumbidwanso pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Munthu wotola sampulo pamwamba pokha pa mzerewu angaganize kuti wapeza chuma chochuluka, pamene wotola mamita atatu pansi pake anganene kuti palibe kanthu, ndipo onse awiri angakhale atayeza molondola mwala umene anatola.

Dzina lakuti laterite linaperekedwa ndi Francis Buchanan mu 1807, ataona anthu a kugombe la Malabar ku India akudula dothi lofiira lofewa lomwe limauma n'kukhala ngati njerwa, ndipo analitenga ku mawu a Chilatini otanthauza njerwa.

Basalt tili nayo nafenso. Mathithi a Mosi-oa-Tunya amagwa mamita 108 pa basalt ya Batoka, yomwe inatuluka zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo pamene dziko lalikulu la Gondwana linkayamba kusweka, ndipo kusefukira komweko ndi kumene kunapanga mapiri a Lesotho ndi mapiri a Lebombo a m'malire a Mozambique. M'makoma a zigwa za kumunsi kwa mathithiwo munthu amaona matanthwe osanjikizana monga a ku Antrim, ndipo mtsinje wa Zambezi umakhotakhota potsatira ming'alu ya mwalawo. Koma kuno ku Lusaka basalt yotereyi kulibe. Mzinda wathu wakhala pa dolomite ndi marble, miyala yotuwa imene amayi amaphwanya m'mphepete mwa misewu, ndipo kuzungulira kwake kuli schist ndi quartzite. Ndiye funso limene ndinali nalo pa miyala ya amalume linali lakuti, popeza pansi pake palibe mwala wakuda wonga wa ku Antrim, chitsulo chimenechi chinabwera bwanji?

Yankho limaoneka padambo lililonse kumapeto kwa dzinja. Pamene madzi akutuluka m'nthaka m'mphepete mwa dambo pamakhala utoto wofiirira ngati dzimbiri, ndi kakhungu konyezimira ngati mafuta pamwamba pa madzi. Chimenecho ndi chitsulo chili pa ulendo. M'nthaka yonyowa yopanda mpweya chitsulo chimasungunuka n'kuyenda ndi madzi kutsika motsetsereka, ndipo chikakumana ndi mpweya chimachita dzimbiri n'kukhazikika. Zaka zikachuluka, dzimbirilo limamata mchenga ndi nsangalabwi n'kupanga lubwe wolimba. Lubwe wotere ndi mlendo pamalo pake: sanena chilichonse chodalirika za mwala umene uli pansi pake, ndipo nthawi zambiri amakhala wopyapyala komanso wodzala mchenga. Ndi wosiyana ndi wa ku Antrim, amene anawolera pomwepo ndipo ndi mwana weniweni wa mwala umene wagonera.

Palinso mitundu ina iwiri imene wotola masampulo ayenera kuikumbukira. Pali miyala ya chitsulo yeniyeni ya hematite ndi magnetite yomwe ili m'thanthwe lenilenilo ndipo imatsika pansi, monga ya phiri la Sanje kufupi ndi Nampundwe ndi ya Nambala kufupi ndi Mumbwa. Ndipo pali chipewa chadzimbiri chimene chimatsala pamwamba pa miyala ya sulfure monga pyrite ikawola, chimene a migodi amachitcha gossan. Chimenechi phindu lake si chitsulo chake, koma uthenga wake, chifukwa nthawi zina chimasonyeza mkuwa kapena golide amene ali pansi. Miyala inayi yonseyi imatha kuoneka yofiira, yonse ndi yolemera, ndipo ikaikidwa patebulo limodzi ngakhale munthu wozolowera amayamba waiswa ndi hamala ndi kuiyang'ana ndi galasi lokuzira asanalankhule.

Pa ntchito yotola masampulo, vuto lalikulu lili m'dzanja la wotolayo. Ndili wachinyamata pa ntchitoyi ndinatumidwa kukatola miyala pa kaphiri kena ka lubwe, ndipo ndinadzaza matumba ndi zidutswa zakuda, zolemera, zonyezimira, ndikusiya zofumbutuka ndi zamchenga chifukwa zinkaoneka ngati zinyalala. Zotsatira za ku labotale zinabwera zokwera kwambiri ndipo anthu anawononga ndalama kubwereranso kumaloko ndi zida zokumbira. Atakumba maenje ndi kutola moyenera, chitsulo chinatsika kwambiri moti ntchito yonse inaimitsidwa. Labotale sinalakwe. Ndine amene ndinasankha miyala ndi maso okonda, ndipo chiyambire tsiku limenelo sindilola wophunzira aliyense amene ndikumuyang'anira kutola mwala chifukwa choti wamusangalatsa.

Njira yoyenera ndi yotopetsa koma si yovuta kuimvetsa. Timakumba dzenje mpaka titadutsa lubwe yense n'kufika pa chimene chili pansi pake. Timapala khoma limodzi kuti lioneke bwino, timajambula zigawo zake m'buku ndi kuyeza kuchindikala kwa chilichonse, kenako timasema kangalande koongoka kuchokera pamwamba kutsika pansi, kofanana m'lifupi ndi kuya kwake monsemo, titayala lona pansi kuti chilichonse chogwa, cholimba ndi chofewa chomwe, chilowe m'thumba. Sampulo imodzi siidutsa malire a zigawo ziwiri: pamene mtundu wasintha, thumba nalonso limasintha. Thumba lililonse limalemera makilogalamu awiri kapena atatu, ndipo ngati mwalawo uli wa mibulu ikuluikulu timatola wochuluka, chifukwa, monga anasonyezera Pierre Gy wa ku France amene anakhazikitsa malamulo a katoledwe ka masampulo, zidutswa zikakula sampulo nayonso iyenera kukula kuti iimire bwino mulu wonse. Nambala timailemba kunja kwa thumba ndi pakapepala koikidwa m'kati, ndipo malo ake timawalemba ndi GPS. Pa masampulo pafupifupi 20 aliwonse timaikapo imodzi yobwereza, imodzi ya mwala wopanda chitsulo, ndi imodzi ya ufa umene kuchuluka kwa chitsulo chake kukudziwika kale, osauza a labotale kuti ndi iti. Zimenezi ndi mboni zathu, ndipo zikabwera zolakwika sitikhulupirira zotsatira za gulu lonselo.

Ku labotale sampulo amaiumitsa pa madigiri 105, amaiphwanya, amaigawa ndi chogawira kuti kagawo kotsala kafanane ndi thumba lonse, kenako amaipera mpaka ikhale yosalala ngati ufa woyera, timibulu tosapitirira mamaikuloni 75. Ufawo amausungunula pamodzi ndi lithium borate n'kupanga kagalasi kozungulira, ndipo makina a XRF, oyeza ndi kuwala kwa X-ray, amawerenga zonse zimene zili m'kagalasiko. Masiku ano kuli makina a XRF a m'manja amene ena amayenda nawo kuthengo, ndipo ndi othandiza posankha malo okumba, koma amangowerenga khungu la mwala pamalo aang'ono ngati chikhadabo. Ndaonapo anthu akugulitsana chiyembekezo pa nambala ya makina amenewa, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa khungu la lubwe limatha kukhala ndi chitsulo chochuluka kuposa m'kati mwake.

Pepala la zotsatira likabwera, choyamba ndi kuona ngati nambala yalembedwa monga Fe, chitsulo chokha, kapena monga Fe2O3, chitsulo chophatikizana ndi okosijeni, chifukwa anthu ambiri amapunthwa pamenepa. Kuti Fe2O3 isanduke chitsulo chenicheni timachulukitsa ndi 0.7, kotero 60 peresenti ya Fe2O3 ndi 42 peresenti yokha ya chitsulo. Hematite yopanda chosakaniza chilichonse imakhala ndi chitsulo pafupifupi 70 peresenti, magnetite 72, goethite, mwala wina wa dzimbiri la chitsulo, 63, ndipo pa msika wa dziko lonse kwa zaka zambiri mitengo inkayerekezedwa ndi mwala wa pafupifupi 62 peresenti. Kenako timaona silica, aluminiyamu, phosphorus ndi sulfure, zimene osungunula zitsulo safuna kuti zichuluke; phosphorus makamaka imachititsa chitsulo kuthyoka msanga chikazizira. Timaonanso kulemera kumene sampulo imataya ikawotchedwa pa madigiri 1,000, chifukwa kukachuluka kumasonyeza goethite ndi dongo, zomwe zimasunga madzi m'kati mwake. Koma mizere imene ine ndimaikonda kwambiri ndi ya titanium ndi zirconium. Ziwirizi sizisuntha mwala ukamawola, ndiye kuchuluka kwa china poyerekeza ndi chinzake kumasunga chizindikiro cha mwala woyamba: lubwe wobadwa ku basalt amakhala ndi titanium wochuluka poyerekeza ndi zirconium, pamene wobadwa ku granite kapena womatidwa pa mchenga sakhala choncho. Dzimbiri la chitsulo limakokanso arsenic, mkuwa ndi mtovu kuchokera m'madzi, n'chifukwa chake akatswiri a bungwe la CSIRO ku Australia anapanga njira yofufuzira migodi yobisika potola timibulu ta laterite. Khalidwe lomweli limathanso kusocheretsa, popeza lubwe woyenda amatha kusonkhanitsa mkuwa wochepa wa kutali n'kuoneka ngati gossan.

Nditawafotokozera zonsezi, amalume anati, "Nanga makolo athu ankasula makasu ndi chiyani, si miyala yomweyi?" Ananena zoona. Ku Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzinda uno, katswiri wa zinthu zakale David Phillipson anafukula mudzi wakale wa zaka za m'ma 400 momwe munali zotsalira zambiri za kusungunula chitsulo, ndipo m'nkhalango ya Kasungu ku Malawi mukadali ng'anjo za makolo. Osula akale ankadziwa kusankha zidutswa zabwino, kuziphwanya ndi kutaya mchenga, ndipo ng'anjo imodzi inkafuna madengu owerengeka okha kuti patuluke chitsulo cha makasu angapo. Kusankha ndi dzanja kumene ndimaletsa ophunzira anga kunali luso lenileni kwa iwo, chifukwa iwo ankafuna mwala wa tsiku limenelo. Ife timafunsidwa ngati pali matani mamiliyoni a mwala wofanana umene makina angakumbe kwa zaka zambiri, ndipo funso limenelo limayankhidwa ndi wabwino ndi woipa pamodzi.

Patapita masabata awiri ndinapita kumundako mvula isanayambe. Chitsime chija chinali m'mphepete mwa dambo, ndipo anyamata anali atadutsa kale lubwe yense, amene kuchindikala kwake sikunapitirire m'chiuno mwa munthu, n'kulowa m'dongo lotuwa. Nditaswa zidutswa zake ndinapeza nsangalabwi zoyera zomatidwa m'kati. Tinakumba maenje ena awiri chokwera mtunda, ndipo m'dzenje lachiwiri, kuwerenga chitsime monga loyamba, lubwe anali wopyapyala kuposa pachitsime. Zotsatira za ku labotale zinagwirizana ndi zimene khoma la dzenje linaonetsa: silica wambiri, titanium wochepa, ndi chitsulo chosakwanira kuti wina aikepo ndalama zake. Ndinawauza kuti, "Malume, uyu ndi lubwe wa padambo, ndipo ntchito yake yabwino ndi kuthira pa msewu wanu umene umaterera m'dzinja." Ndinawakumbutsanso kuti malinga ndi malamulo a dziko lino miyala ya pansi si ya mwini munda, ndipo aliyense wofuna kufufuza kapena kukumba kuti agulitse ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma.

Dzenje lachitatu, lomwe linali pamtunda penipeni pafupi ndi chulu, linalibe lubwe konse. Koma pamwamba pa schist wowola tinapezamo tizidutswa takuda tolemera, ta ngodya zakuthwa, ndipo nditasendeza maginito, tina mwa ito tinadumphira pomwepo. Ngodya zakuthwa zikusonyeza kuti sitinayende mtunda wautali, ndipo kukoka maginito kukusonyeza magnetite, yomwe madzi a padambo sapanga. Tizidutswato ndatisunga m'thumba lakelake ndi nambala yake. Amalume alonjeza kuti salima pamenepo chaka chino, ndipo mvula ikatha mu Meyi, udzu ukauma, tidzayenda chokwera phirilo ndi maginito ndi kampasi kufunafuna thanthwe limene tinachokako.